Kalasi Imene Tadala Analumpha

Ana inu, Dalitso ndi Mwayi, ikani mafoni pansi. Ndakhala pa thebulo la amayi anu, pomwe dzuwa limalowera pawindo, ndipo ndikulemba ndekha ndi dzanja langali. Zilembo zanga zimayenda ngati nkhuku yoponda m'matope, koma zikuyenda. Mukalephera kuwerenga, ndipo ndikudziwa mulephera, pakuti ndikakufunsani kuti mwadzuka bwanji mumandiyankha m'Chingerezi, mupemphe amayi anu akuwerengereni mokweza.

Ine lero ndine wa nyimbo. Ndadzuka ndikuimba, ndasamba ndikuimba, tiyi wandipsereza lilime chifukwa ndimamwa ndikuimba. Achemwali anu Tadala akukaphunzira udokotala. Ee, Tadala yemweyu, mkazi mnzanga amene amandibera sopo! Koma inu mwangoona kuvina kwathu. Simukudziwa kuti malo akewo anatsala pang'ono kutipulumuka m'manja, ndipo amene tinali kuwataya ndife akuluakulu, ine ndili m'gulu lomwelo.

Ndinabwera kuno ku Scarborough, dera la mzinda wa Toronto, kuchokera kwathu ku Ntchisi iwe Dalitso utangobadwa, kuti ndidzakulere amayi ako Esnati akamapita ku ntchito yawo yosamalira okalamba. Tadala ndinamupeza ali kamtsikana ka miyendo ngati bango. Iye anabadwira kumudzi, n'chifukwa chake Chichewa chake chilipo ndithu, ngakhale amachithira Chingerezi ngati mchere. Mwana ameneyo ankawerenga chilichonse. Masitepe a nyumba yathu yosanjikizanayi, mawindo a nyumba ya kutsidya, malo oimapo basi kuchoka pano kukafika ku sitima. Ine chikepe ndinkachiopa masiku amenewo, ndiye tinkatsika wapansi, iye patsogolo akuwerenga, ine pambuyo ndikupemphera.

Ku sekondale anamaliza masamu onse amene anali nawo, aphunzitsi n'kumupatsa ena a ku yunivesite, n'kulemba mayeso ake apadera. Atalowa yunivesite kuno ku Toronto, anamuuza kuti kalasi yoyamba ya masamu wayidya kale, alumphe, akayambire yachiwiri. Masamu akewo dzina lake kalikyulasi. Nditamva koyamba ndinafunsa ngati ndi matenda a m'mafupa.

"Ayi agogo," anatero akuseka. "Ndi masamu oyeza mmene zinthu zikusinthira. Tiyerekeze ndowa yobooka pansi. Ikadzaza, madzi amatuluka mothamanga. Akamachepa, amatuluka pang'onopang'ono. Ife timayeza zimenezo."

Aa! Ndinamuuza kuti ngati ndi zimenezo, ine ndinamaliza kalekale. Inu ana a pampopi simudziwa. Ife tinkatunga ku chitsime cha kudambo, poyamba ndi mtsuko, kenaka kunabwera ndowa za malata. Yathu inabooka, tinamata ndi phula, phula n'kumachoka. Ndiye ukasenza pa nkhata, poyamba umathamanga, chifukwa mpamene madzi akukuthawa kwambiri, akutsikira m'khosi mpaka kumsana. Ukafika pa mtengo wa msuku umene unali pakati pa njira umayamba kuyenda bwino, otsalawo sakufulumiranso. Palibe anandipatsa satifiketi.

Tsono mverani kulakwa kwanga koyamba. Lamulungu lotsatira, ku tchalitchi kwathu ku Etobicoke kumene timasonkhana Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, itafika nthawi ya maumboni, ndinaimirira. Sindinayankhule, ndinaimba. Mdzukulu wanga walumpha, walumpha kalasi, ku yunivesite ya azungu walumpha! Amayi anaimba nthungululu, abambo anaomba m'manja, amayi anu anatumiza nkhaniyo pafoni mpaka ku Ntchisi. Kuyambira tsiku limenelo anthu anasiya kumuitana Tadala. Ankati adokotala. Mwana wangolowa kumene, ife tamuveka kale chovala choyera.

Kalasi yachiwiri ija anakhoza bwino, masamu n'kuwasiya pomwepo. Zaka zitatu anali pa maphunziro a thupi la munthu ndi a mankhwala. Kenaka anaapulaya, monga mmene mumanenera inu, ku masukulu a udokotala ambirimbiri. Ena anakana, ena anangoti zii. Sinowo, chipale cha nyengo yozizira chija, atayamba kusungunuka chaka chino, sukulu ina ya kutsidya kwa malire inayankha kuti bwera, malo ako alipo.

Tinavina! Iwe Mwayi unagwetsa mphika wa maluwa, sindinaiwale. Koma Tadala anawerenga kalatayo mpaka pansi, ndipo ndinaona nkhope yake ikuzima. Kumunsi kunali mawu ena. Sukuluyo imafuna makalasi awiri a masamu ophunziridwa ku yunivesite. Pa chikalata cha magiredi a Tadala panali imodzi yokha. Yoyamba ija, imene analumpha, kwa iwo sinali kuwerengedwa, chifukwa mayeso ake analembera ku sekondale. Anati asonyeze kalasi inayo Julaye asanathe. Apo ayi, malowo apatsa wina.

Mwamva? Chomwe ndinaimbira nyimbo ndi chomwe chinasiya dzenje.

Loweruka kunabwera amalume anu a Lameki kuchokera ku Hamilton, kumene amayendetsa basi ya mumzinda. Iwo ndiye mwini mbumba, nkhani za ana a mlongo wawo zimafikira kwa iwo. Tinakhala pabalaza, inu tinakuthamangitsirani kuchipinda.

Tadala anati, "Mwina ndingowalembera imelo, ndiwafunse kuti nditani."

"Iwe?" anatero amalume anu. "Anthu akupatsa malo dzulodzuloli, lero uyambe kuwafunsa mafunso? Aziti mwana uyu ndi wamwano, akutsutsana nafe. Nkhani ya akuluakulu mwana sayankhula yekha. Tipeze munthu wotiyankhulira."

Ine ndinavomera ndi mutu. Musawaseke amalume anu, ndi mmene tinakulira. Kwathu ukafuna munda supita wekha, umatuma munthu. Ukalakwira mnzako umatuma munthu. Agogo anu aamuna, Mulungu awasunge kumene aliko, pondifunsira ine sanatsegule pakamwa, anali atsibweni awo amene ankayenda ulendo wa tsiku lathunthu, kuwoloka mitsinje iwiri, kudzakhala pa mphasa ndi atsibweni anga. Mwambo umenewo ndi wabwino, umaphimba mawu kuti asabaye. Sindiunyoza. Kungoti tinaunyamula n'kukauika pamalo posakhala pake.

Apo amayi anu anawonjeza chawo. "Achimwene, chonde, zisamveke kutchalitchi kuti ndi Tadala. Anthu aja akumutchula kale dokotala. Ndiyang'ana kuti?"

Ndiye amalume anu anapita kwa mkulu wa mpingo wina, amene akazi awo ndi namwino, ndipo namwinoyo amagwira ntchito ndi dokotala wina wachikulire. Anawauza kuti pali mwana wa mnzawo wa kuntchito amene akusowa kalasi yoyamba ya masamu. Zoti mwanayo analumpha n'kukhoza yapamwamba sananene, chifukwa akanangotero aliyense akanadziwa kuti ndi ndani, poti ine ndinali nditaimba kale. Uthenga unkayenda Lamulungu lokha, tikatuluka m'mapemphero. Lamulungu loyamba unapita kwa mkulu wa mpingo. Lachiwiri tinamva kuti adokotala ali kutchuthi. Lachitatu yankho linabwera, lalifupi ngati mchira wa mbuzi: mwanayo angolembetsa kalasi yoyambayo, basi.

Tadala anakhala pa kompyuta kuti alembetse. Inakana. Anayesanso, inakana. Anaimba foni ku ofesi ya yunivesite yake, ndipo anamuuza mwaulemu kuti lamulo lawo ndi lotere: amene wakhoza kalasi yapamwamba saloledwa kubwerera ku yapansi kuti imuwerengedwere.

Amalume anu atamva pafoni anakuwa mpaka ine kukhitchini ndinamva. "Saloledwa bwanji? Kubwereza amaletsa? Ine Sitandade 8 ndinabwereza katatu, palibe anandiletsa!"

Kenaka anazindikira kuti foni ili pa sipika. Ee, ana inu, amalume anu amene amakuuzani kuti ankakhala nambala wani. Katatu. Koma kwathu sizinali zamanyazi kwenikweni. Malo ku sekondale anali ochepa, ana ankabwereza mpaka ndevu kumera, kudikira kuti dzina lidzatuluke. Khomo lobwerera m'mbuyo linali lotsegula nthawi zonse. Ife tonse tinkaganiza kuti kunonso ndi choncho, n'chifukwa chake masabata atatu aja sitinawamve kuwawa.

Tadala anasiya kudya. Ankangokhala m'chipinda, chitseko chotseka. Tsiku lina m'mawa, amayi anu atapita kuntchito, inu muli kusukulu, ine ndinali pakhonde ndikudzala nthanga za maungu m'zidebe zanga zija, kuti tidzadyeko nkhwani. Anatuluka, n'kuima pakhomo atakulunga manja m'juzi.

"Agogo, ndaganiza. Ndiwalembera kuti malowo apatse wina. Ndidzayesanso chaka china."

"Chaka china akakupatsanso?"

"Kaya."

"Nanga aphunzitsi aja anakuphunzitsa kalasi yachiwiri, wapita kukawaona?"

"Agogo, simukumvetsa. Mayi amene uja ankanditchula pamaso pa kalasi yonse kuti onani mwana wa chaka choyamba akukuposani. Ndipite ndikati chiyani? Kuti ndine uja munkanyadira, pano masamu omwewo andigwetsa? Ndi zochititsa manyazi."

Ndinapukuta dothi m'manja. Ndinati khala pansi, mkazi mnzanga, ndikuuze chimene amayi ako sadziwa. Inunso mumve, poti lero ndaulula.

Inenso ndinalumpha kalasi. Pa sukulu ya mishoni kwathu, masiku amenewo tinkayamba Sabu A, kenaka Sabu B, kenaka Sitandade 1. Makope kunalibe. Tinkalemba pansi ndi chala, ukakula pang'ono amakupatsa sileti, ndipo powerengera tinkanyamula timiyala ndi nthanga za bwemba m'kathumba. Ine kuwerengera kunali m'magazi. Aphunzitsi asanamalize kufunsa, ine ndayankha kale, nthanga zili m'thumba osazikhudza. Itangotha miyezi yochepa anandigwira dzanja, kundidutsitsa Sabu B, kukandikhazika mu Sitandade 1. Bambo anga anapha tambala. Mudzi wonse unamva.

Koma mu Sabu B muja ndi mmene ankaphunzitsa kulumikiza zilembo kuti zikhale mawu. Ine ndinalowa m'kalasi ya anthu owerenga ndisakudziwa kuwerenga. Ndinachenjera. Anzanga akamawerenga ndinkamvetsera, n'kusunga m'mutu ngati nyimbo, ikafika nthawi yanga ndinkagwira buku n'kuimba zomwezo. Chaka chinatsala pang'ono kutha aphunzitsi osadziwa. Tsiku lina kunabwera bambo woyendera masukulu, pa njinga yakuda ya belu. Aphunzitsi anamuuza kuti uyu ndiye mwana wathu wanzeru. Bamboyo anatsegula buku kumapeto, kumene tinali tisanafike, n'kuloza ndi chala. Werenga apa.

Zilembo zinangondiyang'ana, inenso ndinangoziyang'ana. Wina kumbuyo anaseka, kenaka onse.

M'mawa mwake ndinauza amayi kuti mutu ukuwawa. Mkuja mwake ndinati sukulu yanditopetsa. Iwo anasangalala kupeza wosinja ndi wolera ana, nkhani inathera pomwepo. Chonsecho aphunzitsi aja anali munthu wabwino. Ndikanangopita n'kunena kuti aphunzitsi, zilembo sindinaphunzire, akanandikhazika pansi. Mawu atatu okha. Ndinawameza, ndipo anandidyera sukulu yonse. Zilembo zokhotakhota mukuonazi ndinakazitola ku sukulu ya kwacha ndili ndi ana atatu, wina kumsana.

Tadala anati, "Agogo, simunandiuzepo."

"Zoterezi amauza ndani? Pita ukavale nsapato."

"Panopa?"

"Ukufuna titume mkulu wa mpingo?"

Anaseka, koyamba m'masiku ambiri, kuseka kotuluka ndi misozi. Ndinavala chitenje changa cha ku tchalitchi, jekete pamwamba, pakuti mphepo ya kuno siikhulupirika ngakhale dzuwa liwale. Ndinatapa mtedza wokazinga m'kapepala, chifukwa kwa munthu wamkulu supita chimanjamanja. Tadala anati, "Agogo, pulizi, kuno satero, aziona ngati tikuwagula." Ndinaubisa m'thumba la jekete.

Tinakwera basi, kenaka sitima ya pansi pa nthaka. Inu mumagona m'sitima imeneyo ngati pabedi. Ine mpaka lero ndimadabwa kuti munthu wamoyo n'kulowa pansi, n'kutulukira kwina ali bwinobwino. Ulendo wautali chotero kwathu tikananyamuka tambala woyamba, mbatata yophika m'kansalu, ndipo mwayi ukanakhala kukumana ndi ngolo ya ng'ombe yopita ku boma. Apa tisanamalize n'kukangana komwe, tafika. Mtedza uja theka ndinadya ndekha m'njira, mantha amafuna chotafuna.

Ofesi yake inali kachipinda kodzaza mabuku mpaka pansi. Aphunzitsiwo ndi mayi wamfupi, wa imvi ngati zanga, atavala nsapato zothamangira. Atangoona Tadala anamutchula dzina. Zaka zitatu, ana mazanamazana, koma dzina analisunga! Ine ndinagwada pang'ono, n'kuyamba moni monga kuyenera. Ndinafunsa za kunyumba kwawo, ndinathokoza chifukwa chotisungira mwana, ndinafotokoza kumene tachokera, kuti ife ndife anthu osaphunzira, tabwera m'manja mwawo, atichitire chifundo. Ndinayankhula ndithu, mawu okonzeka bwino. Tadala anamasulira ndi mawu anayi.

Ndinamugwira chigongono. "Zonse zija zathera pomwepo?"

"Ndawauza kuti mwapereka moni, agogo."

Kenaka anafotokoza yekha. Poyamba maso anali pansi, koma ananena zonse, osabisa. Mayi uja anamvetsera, n'kufunsa funso limodzi. Makutu a Tadala anagwa.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akufunsa ngati tawafunsa eni ake a sukuluyo."

Ana inu, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Masabata atatu, mkulu wa mpingo, namwino, dokotala, koma eni nkhani osawafunsa. Mayi uja sanatiseke. Anati ana ambiri olumpha kalasi amakumana nazo zimenezi, si Tadala yekha. Anati masukulu amasiyana: ena akaona kalasi yapamwamba amakhutira, ena amafuna ziwiri zolembedwa pa pepala, ndipo wodziwa chimene akufuna ndi mwini sukulu basi. Anatinso kufunsa si mwano, anthu a m'maofesi amenewo ntchito yawo ndi yomweyo, kuyankha ana. Atatero anatembenuza kompyuta yake, n'kuikankhira kwa Tadala. Lemba pompano. Iyenso analemba kalata yake yofotokoza zimene Tadala anaphunzira, n'kuziphatikiza.

Potuluka ndinasiya mtedza wotsala uja pa thebulo mwakachetechete. Tadala sanaone. Mayi uja anaona, n'kunditsinzinira diso.

Yankho linabwera patapita masiku awiri. Awiri! Anati safuna kuti abwerere m'mbuyo ayi. Kalasi iliyonse ya masamu ya ku yunivesite ikwanira, kaya ya statistikisi, imene akuti ndi yopepukirako, kaya kalikyulasi yachitatu. Koma tsiku lija silisuntha.

Tinathamangira ya statistikisi ija. Yadzaza. Inadzaza m'masabata omwe aja ife tinali kudikira Lamulungu. Ku yunivesite yake kunalibenso malo m'kalasi ina iliyonse ya nyengo yotentha. Anafufuza uku ndi uku, n'kupeza mpando umodzi ku Hamilton, kalikyulasi yachitatu, yothamanga, ya masabata asanu ndi limodzi. Yovuta kuposa zonse, kwa mwana amene sanagwire masamu zaka zitatu. Yunivesite yake inamupatsa kalata yomuloleza kukaphunzira kumeneko. Khomo lobwerera linali lotseka, lotsegula linali la kutsogolo lokha, kokwera phiri.

Amalume anu anabwera ndi galimoto kudzamutenga kuti azikakhala kwawo. Munthu wamkulu sapepesa mwana ndi pakamwa, inu mukudziwa. Anangonyamula zikwama zonse okha, ngakhale kachikwama ka m'manja, n'kunena ali chitembenukire, "Chipinda ndakonza. Ana ndawauza kuti wailesi isalire mpaka umalize." M'mawa uliwonse ankamuperekeza pokwerera basi asanapite ku ntchito yawo.

Mayeso oyamba ang'onoang'ono sanayende. Anandiimbira masana, mawu atatupa. "Agogo, ndafeila. Zonse zinathawa m'mutu. Anzanga akuthamanga, ine ndikukwawa."

"Aphunzitsi a kumeneko ali ndi chitseko?"

"Ali nacho."

"Chimatseguka?"

"Agogo inu!"

Anapita. Anapitanso mawa lake. Akuti ankapita tsiku lililonse mpaka aphunzitsiwo anamuikira mpando wakewake. Ine kuno ndinkaphika futali wa mbatata ndi nsinjiro, n'kupatsira amalume anu Lamulungu, kuti mutu ukamagwira ntchito m'mimba musalire.

Ndipo panali china chondiyembekeza ine. Pakamwa pamene panaimba mpomwe panayenera kukonza. Lamulungu lina nthawi ya maumboni ndinaimiriranso. Amayi anu anandikoka chitenje, ndinawachotsa dzanja. Ndinati abale, mdzukulu wanga uja ndinakuimbirani kuti walumpha, kulumphako kwasiya dzenje, pano ali ku Hamilton akulikwirira, ndipo akapanda kukhoza malo a udokotala amuthawa. Mumupempherere. Ndipo inu amene ana anu akulumpha makalasi, kondwerani, koma funsani msanga kumene akufuna kudzapita ngati kulumphako adzakuwerengere.

Amayi anu anaphimba nkhope ndi buku la nyimbo. Koma titatuluka, amayi awiri anabwera kumbali, wina wa ku Zomba wina wa ku Chipata, kudzanong'ona kuti awonso ana awo analumpha, afunse kuti? Ndipo mkulu wa mpingo uja anafika atagwira m'chiuno.

"Amayi, kodi mwana wa mnzawo wa a Lameki uja anali Tadala? Mukanangonena kuti anakhoza kale yapamwamba! Ife tinayankha funso limene munatifunsa."

Ndinati abambo, mwanena zoona, olakwa ndife. Tinaseka mpaka kugwirana mapewa.

Masabata aja anatha. Analemba mayeso akulu, anabwerera kuno ataonda, maso atalowa. Anakhoza. Osati pamwamba penipeni monga kale, koma anakhoza bwino ndithu, ndipo ine giredi imeneyo ndimaikonda kuposa zonse zimene anabweretsapo, chifukwa ndinaiona ikubadwa. Chikalata chinatumizidwa kutatsala masiku owerengeka. Kenaka kudikira. Kodi chafika? Kodi achilandira? Foni ikangolira tonse tinkadumpha.

Zikomo kwa mayi wa imvi uja, amene dzina lake lilime langa limalephera. Zikomo kwa aphunzitsi a ku Hamilton amene sindinawaonepo, ndi mpando wawo. Zikomo kwa munthu wa mu ofesi ya kutsidya kwa malire amene anayankha mwana wanga ngati munthu. Zikomo kwa a Lameki, obwereza katatu. Kwa Mulungu ndiye sindiyamba n'komwe, kope lingathe.

Linali Lachitatu masana. Ndinali pansi penipeni pa nyumba yathuyi, m'chipinda cha makina ochapira. Kwathu tinkachapa kumtsinje, kumenya nsalu pamwala, kuyanika pa udzu, nkhani zili mkamwa. Kuno umaponya m'bokosi n'kumayang'ana zikuzungulira. Ndinali nditasiyanitsa bwinobwino monga amayi anu anandiphunzitsira, mayunifolomu awo oyera a kuntchito mulu wake, zitenje zanga mulu wake. Munalinso mayi wina woyandikana nafe, wa dziko lina, amene timangopatsana moni ndi mano chifukwa chiyankhulo sitimvana.

Chikepe chinatseguka. Tadala, wopanda nsapato, foni m'manja, kupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Agogo."

"Nena."

"Alandira. Akuti zonse zakwana. Malo ndi anga."

Nthungululu imene inatuluka m'kamwa mwanga, makoma a pansi paja sanaimvepo chimangidwire. Mayi uja anataya basiketi, kuyang'ana kumene kukuyaka moto. Tadala anamuuza m'Chingerezi, ndipo mayiyo anakuwa m'chiyankhulo chake, n'kundikumbatira, n'kuyamba kudumpha. Tinavina atatu pakati pa makina, ine ndikuimba zimene zinkangobwera, wakwirira dzenje, mwana wakwirira, wafunsa, wafunsa, am'tsegulira! Ndikuvina choncho ndinakokolola zovala zonse, miyulu yonse iwiri, kuponya m'makina amodzi, kutseka, kudina.

Chitenje changa chofiira chatsopano chinali momwemo.

Madzulo amayi anu pobwera anapeza mwana wawo ali ndi malo, mayunifolomu awo onse asanduka pinki. Anawanyamula m'mwamba, kuyang'ana ine, kuyang'ana Tadala. Ndinayamba kupepesa. Anati, "Amayi, siyani." M'mawa mwake anasita imodzi, anavala, anapita nayo kuntchito. Akuti agogo ena a kumeneko, oyenda pa njinga ya olumala, anawafunsa kuti lero bwanji mwasintha mtundu. Amayi anu, omwe aja ankaopa kuti anthu amva, anaima pakati pa chipinda chodyera, n'kuyankha mokweza kuti ngakhale ogontha amve:

"Mwana wanga akukaphunzira udokotala. Anatsala pang'ono kulephera. Khalani pansi ndikuuzeni mmene zinayendera."